Mwana Wanga Sanali ku Joni

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mawu awa akupezani pa foni, kaya muli pa ntchito, kaya mwakhala pakhonde. Ine ndine Mbewe, mlonda wa masana pa nyumba ina ku Area 47, ndipo ndimakhala ku Mtandire. Ena mwa inu munandiona kale pa kakanema kaja, mdala wosowa mano awiri akutsogolo. Lero ndikufuna ndikuuzeni kumene manowo anapita, ndi mmene Mulungu anandibwezera mwana amene ndinatsala pang'ono kumuphetsa ndi chala changa chomwe. M'nyumba mwanga munalowa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo pambuyo pake munalowa manyazi. Pa ziwirizi, chimene chinafika pafupi kwambiri ndi kupha mwana wanga ndi manyaziwo.

Ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo amene amandidziwa akugwedeza mutu pamene akuwerenga apa. Kwathu ndi ku Mitundu. Ndinabwera m'tauni muno ndili mnyamata, ndinayamba ulonda, ndipo zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti palibe chokhota chimene chibonga chingalephere kuwongola. Wakuba ndinkamuthidzimula, galu wolowa pa geti ndinkamuthidzimula, ndipo mwana wolakwa ankadziwa kuti bambo ake sanena kawiri. Lamulungu ndinkavala jekete n'kuima kutsogolo, pakuti ndinali mkulu wa mpingo, ndi kulalikira za chikondi. Sindinkaonapo chachilendo chilichonse.

Limbani ndiye woyamba kubadwa, mwana wamwamuna yekhayo m'nyumba mwanga. Anamaliza Folomu 4 bwinobwino, ankaimba besi m'kwaya, ndipo atapeza ntchito yotsuka magalimoto ku Area 15 ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Kumeneko ndi kumene anzake anamuphunzitsa kuthira mankhwala a chifuwa m'botolo la zoziziritsa kukhosi. Chamba chinabwera pambuyo pake, kenako kachasu. Tinayamba kuona maso ofiira, tulo ta masana, ndi kuseka kopanda nthabwala. Ntchito inatha. Posakhalitsa katundu wa m'nyumba anayamba kumera miyendo: wailesi, pampu ya njinga, ngakhale mapoto a mayi ake, a Nabanda.

Tsiku limene anagulitsa jekete langa la ku tchalitchi, ndinamumanga m'chiuno ku mtengo wa mango ndi mphira ya chubu cha njinga. Ndinasankha nthawi imene oyandikana nawo anali ku msika, chifukwa ngakhale ndili wokwiya sindinkaiwala za mbiri yanga. Ndinamumenya ndi chibonga cha ku ntchito, kumsana, m'miyendo, m'mapewa. Atakweza dzanja lamanzere kuti atchinge nkhope, chibonga chinagwera pa zala, ndipo ndinamva zikulira ngati nkhuni zouma. Sanakuwe ayi, anangondiyang'ana. Kuchipatala sindinapite naye, poti akanafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinamumanga ndi timitengo ndi kansalu, ndipo zalazo zinapola zokhota, chaching'onocho chitaloza kumbali.

Mukuganiza kuti anasiya? Anangoonjeza. Mmawa wina, thupi likumunjenjemera ndi chibaba, anapempha mayi ake kuti amupatse foni yawo. Atakana, anawakankha, ndipo anagwera pa mbaula ya moto. Mkono wawo uli ndi chipsera mpaka lero. Nditabwera n'kuona balalo, ndinatola zovala zake zonse n'kuziponya pa msewu, ndipo iye ndinamuguza ndi kolala mpaka pa ngalande.

"Kuyambira lero ulibe bambo," ndinamuuza. "Munthu akakufunsa, uzinena kuti ulibe m'bale m'tauni muno."

Lamulungu lotsatira, a Kachingwe, mlembi wa mpingo wathu amene ali ndi golosale ya misomali ndi penti ku Old Town, anandifunsa kuti bwanji besi sakumveka m'kwaya. Pakamwa panga panayankha pasanafunse mutu. Ndinati Limbani wapita ku Joni. Inu mukudziwa kuti bodza limeneli ndi losavuta kwathu kuno, pakuti mudzi uliwonse uli ndi anyamata amene anakwera basi kukasaka ntchito kumeneko, ndipo palibe amadabwa akapanda kuimba foni. A Kachingwe anandigwira chanza n'kundiyamikira. Sabata yomweyo mpingo unapempherera Limbani kuti ayende bwino m'dziko la eni, ndipo amene anakweza kwambiri Ameni ndinali ine.

Koma bodza limafuna kulidyetsa ngati nkhumba. Amayi ena ankabwera kudzapempha nambala yake kuti awapezere ana awo malo. Ena ankafunsa kuti watumiza chiyani. Tsiku lina ndinagula bulangete lalikulu la kaunjika, la maluwa ofiira, n'kuliyanika pa chingwe pomwe aliyense wodutsa angalione, ndipo ndinkauza anthu kuti latumizidwa ndi mnyamata. Zaka ziwiri zinatha chomwecho. A Nabanda ankadziwa kuti mwana wawo amagona cha ku mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ndipo nthawi zina ankazemba kukamusiyira chakudya, koma ndinawaopseza kuti akadzangoyasamula kwa munthu adzabwerera kwawo. Ine ndinasiyiratu kupita ku Old Town. Ndinkaopa kukumana ndi munthu amene ndinkanena kuti ali kutsidya kwa malire.

Abwana anga a ku 47 ndi Mayi Mhango, a kumpoto, ogwira ntchito ku ofesi ina ku City Centre. Ntchito yawo poyamba sindinkaimvetsa, ndinkangoona akutuluka ndi makamera. Tsiku lina akubwera ku ntchito anaima pa geti, natsitsa galasi la galimoto.

"A Mbewe, tabwerani mundithandize. Chichewa changa ndi cha m'kalasi, eni ake ndinu. Taonerani aka mundiuze ngati kakumveka."

Kanali kakanema kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Anandifotokozera kuti akupanga timakanema ta anthu enieni amene anamangidwapo ndi mowa kapena mankhwala, kuti anthu asiye kuwasala ndi kuwaona ngati nyama. Anati sangotitaya m'mwamba kuti tigwere paliponse ayi. Amasankha kuti tizitulukira pa masamba a mchezo m'mafoni a anthu a ku depoti, a mumsika, a kabaza, oitanira minibasi ndi amayi a geni, ndipo amene takhudza mtima amatitumiza okha m'magulu awo. Kumapeto kwa kalikonse kunali nambala yoti munthu aimbe akafuna thandizo.

M'kakanemako munali bambo wina wakuda bii, wopanda mano akutsogolo, atavala ovolosi yopsa ndi moto. Anati dzina lake ndi Fanuwelo, amawotcherera zitsulo pafupi ndi depoti, ndipo anamwapo mpaka kugulitsa chitseko cha nyumba yake. Anati anthu ankamutcha galu, ndipo amene anamudzutsa ndi mlongo wake amene sanasiye kumuitana ndi dzina lake. Anamaliza ndi mawu akuti munthu wogwa ndi mowa kapena chamba akudwala, ali ndi dzina, ali ndi kwawo.

Ine ndinaseka. Ndinati, "Madamu, uyu muchotseni. Munthu wopanda mano chonchi akaopseza ana. Komanso zidakwa sizisintha, mankhwala ake ndi chikwapu basi."

Anandifunsa ngati ndimadziwa munthu wina wotere. Ndinati kwathu kulibe. A Fanuwelo sanawachotse, koma anapitiriza kundionetsa timakanema tina, ndipo ine ndinkakonza mawu awiri atatu n'kubweza foni msangamsanga, chifukwa tinkandiwotcha m'manja. Masiku ena ankabwera nkhope ili yakugwa chifukwa cha zotukwana zimene anthu ankalemba pansi pa timakanemato. Ndinkawapepesa ndi pakamwa, mumtima ndikugwirizana ndi otukwanawo.

Tsopano mvetserani za Loweruka lija. Inali nthawi ya masana, dzuwa likuswa mtengo, ine nditakhala pa kampando kanga pa geti. Foni inalira. A Kachingwe anali atatumiza kanema m'gulu lathu la abambo a mpingo, atalemba kuti wakuba foni wagwidwa pafupi ndi golosale yawo pompano. Ndinatsegula. Munthu anali pansi m'fumbi, wopanda malaya, tsitsi litapotana, nthiti zikuwerengeka. Nkhope sinkaoneka chifukwa cha magazi. Wina ankamuponda m'mimba ndi jombo, wina anamuswera njerwa pamsana, ndipo mawu ankamveka akukuwa kuti abweretse tayala. Abale anga, mtima wanga unakondwa. Ndi chala ichi ndinalemba kuti, "Oterewa n'kungowawotcha basi, atitopetsa." Ndinatumiza, ndipo anzanga awiri anavomereza nthawi yomweyo.

Kenako ndinabwereza kuonera. Sindinabwereze chifukwa cha chisoni ayi, ndinkafuna kuona bwino pamene njerwa inagwera. Apo ndi pamene munthu uja anakweza dzanja lamanzere kuti atchinge nkhope. Ndinaimitsa kanemayo. Zala ziwiri zinali zokhota, chaching'onocho chitaloza kumbali. Ntchito ya manja anga ndinaidziwa.

Sindikumbukira mmene ndinafikira ku nyumba yaikulu. Zaka zonse ndinali ndisanapondeko pabalaza pa abwana, koma tsiku limenelo ndinalowa ndi jombo, osagogoda. Ndinapeza Mayi Mhango ali chiimire, foni kukhutu, makiyi m'manja. Mayi wina wogulitsa nthochi ku depoti anali ataimba nambala ija ya kumapeto kwa kakanema, ndipo anzawo a ku ofesi anali atangowadziwitsa kuti a Fanuwelo azingidwa ndi gulu la anthu chifukwa chobisa munthu. Ndinawaonetsa foni yanga.

"Madamu, ndi wanga. Ndi mwana wanga."

Sanandifunse za ku Joni, ngakhale nawonso ndinawanamizapo. Anangoti, "Kwerani."

M'galimoto ndinapemphera pemphero limene silinali la mkulu wa mpingo. Linalibe mawu okoma. Ndinkangoti, Ambuye, moto uchedwe, moto uchedwe, mundiwotche ine. Mayi Mhango ankayendetsa uku akuimbira apolisi. Titayandikira mlatho tinapeza mzere wa magalimoto utaima nji, ndipo ndinatsegula chitseko n'kuyamba kuthamanga. Ndinadutsa pakati pa minibasi ndi a kabaza, ndinagwetsa dengu la tomato la munthu, anthu akunditukwana, ine osacheuka.

Gululo ndinalimva ndisanalione. Anthu anali atazungulira kashedi ka malata kokhala ndi chitseko cha zitsulo zopingasa. Kutsogolo kwa chitsekocho kunaima a Fanuwelo, munthu yemwe uja ndinati amuchotse, atatambasula manja, magazi akutsika kuchokera pachipumi mpaka pa ovolosi. Ndinamva pambuyo pake kuti analowa pakati pa gululo, nakoka Limbani ndi mwendo mpaka m'shedi mwawo, natseka ndi loko, naponya kiyi pa denga. Anyamata atatu a kabaza anali ataimika njinga zawo zamoto mopingasa patsogolo pawo. Mayi wa nthochi uja anali atamanga chitenje m'chiuno, akukuwa mpaka mawu kusasa.

"Si inu nomwe munkatumizirana kakanema ka bambowa? Mwaiwala? Ali ndi dzina munthuyu! Ali ndi kwawo!"

Ena m'gulumo ankabwerera m'mbuyo, akunong'onezana kuti awa ndi a Fanuwelo a pa foni aja. Koma ambiri anali atalawa kale magazi. Tayala linali pansi, mnyamata wina ananyamula botolo la petulo, ndipo miyala inkalira pa malata. Mafoni anali m'mwamba ponseponse, akujambula.

Wina anandigwira phewa. Anali a Kachingwe, thukuta kamukamu, maso akuwala.

"A Mbewe, mwafika! Uthenga wanu uja ndawawerengera anthuwa. Ndawauza kuti ngakhale akulu a mpingo atopa nazo."

Musawaweruze a Kachingwe. Limbani anakulira pamaso pawo, ankawanyamulira zitini za penti ali mwana, koma akanamudziwa bwanji? Nkhope inali itatupa, thupi litatha, ndipo Limbani amene ankamudziwa anali ku Joni, kumene iwo eni ankamupempherera. Bodza langa ndi limene linawatseka m'maso.

A Fanuwelo anakuwa kufunsa ngati panali wina womudziwa munthuyo. Apa ndiye pali chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa chibonga chija. Ndinathamanga mtunda wonsewo, ndinapemphera kuti Mulungu awotche ine, koma funsolo litabwera ndinakhala chete. Ndinaona mafoni aja. Ndinaona a Kachingwe, ndi amalonda ena awiri a mpingo wathu. Ndinaganiza za mpando wanga wa kutsogolo, za bulangete pa chingwe, za mmene Mtandire yense adzandisekere. Za Petro kukana Ambuye wake ndinalalikirapo kambirimbiri, koma sindinkadziwa kuti n'zosavuta chotere.

A Fanuwelo anatembenuka n'kuwerama pa zitsulo za chitseko.

"Achimwene, dzina lanu ndani? Muli ndi m'bale woti timuitane?"

Limbani anali atatsamira mulu wa zitsulo. Anatsegula diso limodzi, linalo linali litatsekeka. Anayang'ana gululo pang'onopang'ono mpaka anandipeza. Ndikudziwa kuti anandiona, chifukwa tinayang'anana. Kenako anatembenuzira nkhope ku khoma.

"Ndilibe m'bale m'tauni muno."

Mwana amene sanandimvere pa china chilichonse, pa ichi chokha anandimvera. Anali pakamwa pa imfa, koma ankasungabe mbiri ya bambo amene anamuthyola zala.

Gulu linaphulika. "Mwamva! Alibe mwini!" Mnyamata wa botolo analumpha njinga zija, nayamba kuwaza petulo kudzera m'zitsulo. Fungo lake linandimenya m'mphuno. Wina kumbuyo kwake ankagwedeza bokosi la machesi. Sindikudziwa chimene chinandikankha, ine ndimati ndi dzanja la Mulungu, chifukwa mwa ine ndekha munalibe chabwino chotsala. Ndinagwetsa anthu awiri, ndinafika pa chitseko, ndinagwira zitsulo ndi manja onse, msana wanga utatchinga pamene petulo ankalowera.

"Ndi wanga! Dzina lake ndi Limbani Mbewe! Ndinamubala ndine!"

A Kachingwe anatsitsa foni. "A Mbewe, mwatani kodi? Limbani ali ku Joni."

"Sanapiteko! Ndinakunamizani nonse! Ndinamuthamangitsa ndine!"

Nditatembenuka kuti ndibwereze, theka la njerwa linandipeza pakamwa. Ndinamva mano akugwera pa lilime, ndipo ndinawalavula pamodzi ndi magazi. Wina anandimenya ndi thabwa m'nthiti, wina anandikoka miyendo kuti andichotse, koma manja anga anakana kusiya zitsulozo. Malaya anga a yunifolomu anali atanyowa ndi petulo. Ndinaona machesi akutuluka m'bokosi, ndipo ndinatseka maso.

Moto sunayake. Nditatsegula maso ndinaona a Kachingwe, munthu wonenepa amene sathamanga ngakhale mvula ikugwa, atamugwira mkono mnyamata wa machesi uja, onse awiri akugubuduzika m'fumbi. Ankakuwa ngati wamisala kuti ndi mwana wa m'kwaya yathu. Amalonda ena aja anabwera kudzaima pambali pa a Fanuwelo. Mayi wa nthochi anayamba kutchula dzina lija mobwerezabwereza, Limbani, Limbani, ndipo amayi anzake anamuthandiza. Ndinaona ndi maso anga anthu akuyang'ana pansi, miyala ikugwa m'manja mmodzimmodzi. Munthu wopanda dzina ndi wosavuta kumuwotcha, koma uyu tsopano anali ndi dzina, ndi bambo wake akulavula mano pa chitseko. Mayi Mhango atafika ndi apolisi, anapeza tayala lili lokha pansi.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha tsiku lomwelo, chifukwa za mabodza ndinatopa nazo. Limbani anathyoka nthiti zitatu, ndipo diso lamanzere siliona bwino mpaka pano. Foni anaibadi, ndipo mwini wake atailandira n'kumva nkhani yonse anasankha kumukhululukira. M'chipatala, thupi litayamba kufuna zimene linazolowera, ankanjenjemera, kusanza, ndi kutukwana aliyense, ine kwambiri. Ndinakhala pambali pa bedi n'kumalandira, pakuti zambiri zimene ankanena zinali zoona. Tsiku lachitatu anadandaula kuzizira, ndipo a Nabanda anabwera ndi bulangete lija la maluwa ofiira. Anandipatsa ine kuti ndimufunditse.

"Ili ndi lija anakutumizirani," anatero, osamwetulira. Kenako anandiuza kuti zaka ziwiri zonsezo pemphero lawo linali limodzi lokha, loti bodza langa liululike mwana akadali moyo.

Atatuluka m'chipatala, anthu a ku ofesi ya Mayi Mhango anamulumikiza ndi alangizi, ndipo a Fanuwelo anayamba kumutenga ku gulu la anzawo amene amakumana kulimbikitsana. Anagwanso kawiri. Ulendo woyamba ndinamupeza ali thapsa kuseri kwa nyumba, ndipo dzanja langa linapita lokha pa chibonga. Koma ndinachiponya m'chimbudzi, ndinamunyamula n'kumulowetsa m'nyumba anthu akuona. Ulendo wachiwiri anabwera yekha kudzandiuza. Lero akuphunzira kuwotcherera zitsulo m'shedi momwe muja anatsala pang'ono kupsera, ndipo tsiku lililonse kwa iye ndi nkhondo, koma sakuimenyanso yekha.

Ku mpingo ndinaima kutsogolo n'kuulula zonse, za mtengo wa mango, za Joni, ndi za uthenga uja, umene unali udakali m'mafoni a abambo onse. Udindo wa ukulu ndinautula ndekha. Ena anasiya kundipatsa moni, ndipo amayi ena ankakoka ana awo Limbani akamadutsa. Zinkandipweteka, koma ndinkakumbukira kuti maphunziro amenewo ena anawatenga kwa ine.

Patapita miyezi, ndinapita ndekha kwa Mayi Mhango kukapempha kuti andijambule. Anati akhoza kubisa nkhope yanga ndi kusintha mawu. Ndinati ayi, ndabisala mokwanira. Ndinawakumbutsanso kuti munthu wopanda mano akaopseza ana, ndipo anaseka mpaka misozi. Tinajambulira pakhomo panga, pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Limbani anakhala pambali panga mwa kufuna kwake. Nditafika ponena za zala zake mawu anandithera, ndipo iye anaika dzanja lokhotalo pa bondo langa n'kulisiya pomwepo mpaka ndinamaliza. Ndi pamenepo pamene ndinamupepesa, kamera ikujambula, chifukwa kwina konse ndinkalephera.

Kakanemako kanayenda. Otukwana anatukwana monga mwa masiku onse, ndipo ena analemba kuti nanenso ndimayenera tayala. Koma Mayi Mhango anandiuza kuti nambala ija inayamba kulira ndi mawu a makolo. Sabata imodzi isanathe, ndili pa geti ku 47, ndinaona a Kachingwe akubwera wapansi, chipewa m'manja. Anakhala pa njerwa pambali panga, nayankhula za mvula, za kukwera kwa simenti, za chilichonse. Pomaliza anayang'ana pansi.

"A Mbewe, mwana wathu wamkazi uja timati ali kwa azakhali ake ku Blantyre. Sali ku Blantyre. Vuto lake ndi lomweli la Limbani, ndipo tinamutsekera m'chipinda cha kuseri, miyezi isanu tsopano. Nambala ija mungandiimbire inu? Ine manja akukana."

Ndinawaimbira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anachedwetsa moto. Ndikuthokoza a Fanuwelo amene anaika mutu wawo pa miyala chifukwa cha mwana wa munthu amene anawanyoza, mayi wa nthochi amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero, ndi abwana anga amene sanamvere malangizo a mlonda wawo. Ndikuthokoza a Nabanda, amene anapemphera motsutsana nane ndipo anapambana.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina wanu mumati ali ku Joni, mwina ku Blantyre, mwina mumati ali kumudzi akulima. Musataye mtima, ndipo musaleke kupemphera, koma pempherani mukuvala nsapato. Manyazi amapweteka, ndawalawa, koma sanunkha ngati petulo pa thupi la mwana wako. Kanema wa munthu akumenyedwa akakufikani pa foni, chala chisafulumire, yambani mwayang'ana manja ake. Ndipo ngati muli ndi wanu kunja uko, pitani mukamutchule dzina lake pamaso pa anthu tayala lisanafike. Wanga ali m'nyumba, ndipo m'mawa uno ndamusiya akupinda bulangete la maluwa ofiira asanapite ku ntchito. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.